Nkhani ya mwini ndi katundu wa ngongole

Sabata ino mwayi wagwera ine, ndipo ndabwera ndi funso lomwe likukhudza aliyense amene amalemba nkhani zopeka. Kodi n'chilungamo kutenga chilonda cha munthu wina, chomwe iwe sunamvepo kuwawa kwake, n'kuchisandutsa nkhani yoti anthu awerenge, alire, kenako akuombere m'manja?

Kuti tisalankhule za m'malere, tiyeni titenge chitsanzo. Tiyerekeze kuti inuyo mukufuna kulemba buku la mtsikana wa zaka 6 wa kumudzi. Mayi ake amwalira, ndipo banja lina la ku America lamutenga mwalamulo kuti akhale mwana wawo. Wakwera ndege, wafika kudziko la chisanu, wayamba kuphunzira Chingerezi, Chichewa chikuthawa pakamwa pake pang'onopang'ono. Nkhani yogwira mtima, eti? Koma inuyo simunatengedwepo ndi banja lachilendo, simunawolokepo nyanja, ndipo Chingerezi chanu munachiphunzira kusukulu konkuno, mukaweruka n'kubwerera kwanu kukadya nsima ndi anthu olankhula chinenero chanu. Ndiye muli ndi ufulu wolemba nkhani imeneyi?

Yankho langa ndi lakuti inde, ufulu muli nawo. Tikanena kuti munthu azilemba zokhazo zomwe zinamuchitikira, ndiye kuti mwamuna asalembe za mayi woyembekezera, wachinyamata asalembe za nkhalamba, ndipo za imfa pasapezeke wolemba ngakhale mmodzi. Zolemba zonse zingathere pomwepo. Koma ufulu umenewu si waulere ayi. Ife a pamsika timadziwa kusiyana kwa katundu amene wapikula ndi ndalama zako ndi katundu amene wapatsidwa pangongole. Onse awiri amakhala pabenchi limodzi, wogula sangasiyanitse, koma iwe mumtima umadziwa kuti uyu mwini wake alipo ndipo akudikira. Nkhani ya moyo wa munthu wina ndi katundu wa mtundu wachiwiriwu. Ndipo kafukufuku, amene ambiri timamuona ngati njira yongokometsera nkhani, ndi gawo loyamba la kubweza ngongoleyo.

Mwina mukuti ndikukokomeza. Tamvani zomwe zinachitika ku America. Munthu wina dzina lake Adam Crapser anabadwira ku South Korea, ndipo mu 1979, ali ndi zaka 3, anatengedwa ndi banja la ku America. Anakulira komweko, m'manja mwa anthu omwe anamuzunza, ndipo palibe amene anamaliza kumukonzera mapepala a unzika. Lamulo la dzikolo la mu 2000, lotchedwa Child Citizenship Act, linapereka unzika kwa ana otengedwa kunja omwe anali asanakwane zaka 18 pomwe linkayamba kugwira ntchito mu 2001. Iye anali atapitirira kale msinkhu umenewo. Chifukwa cha milandu ina yomwe anapalamula m'mbuyomo, mu 2016 boma linamuthamangitsa n'kumubweza ku Korea ali ndi zaka 41, kudziko lomwe chinenero chake sankachilankhula, kusiya mkazi ndi ana.

Mu 2021 kunatuluka filimu yotchedwa Blue Bayou, yopangidwa ndi Justin Chon, ya bambo wobadwira ku Korea, wotengedwa ali mwana, amene akufuna kumuthamangitsa ku America. Crapser anadandaula poyera kuti filimuyo yatenga mbali za moyo wake popanda chilolezo chake, ndipo anthu ena otengedwa ali ana anapempha kuti filimuyo inyanyalidwe. Chon anayankha kuti nkhaniyo si ya munthu mmodzi komanso kuti anakambirana ndi anthu angapo omwe anadutsa m'zoterezi. Ena mwa anthu otengedwawo anaikira kumbuyo filimuyo ponena kuti yathandiza dziko kudziwa vuto lawo. Ine sindine woweruza wa mlanduwu. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti pano panali wolemba wofuna zabwino, amene anafufuza ndithu, komabe munthu wamoyo anaonera n'kumva ngati wavulidwa zovala pagulu. Kufufuza kokha sikumaliza ngongole.

Tsono tiyeni tibwerere kwa mtsikana wathu wa zaka 6 uja. Muyenera kudziwa chiyani musanalembe tsamba loyamba?

Choyamba ndi kutengedwa kwenikweniko. Kodi munazindikirapo kuti m'Chichewa tilibe liwu limodzi lomasulira liwu la Chingerezi loti adoption? Timazungulira: kutenga mwana, kulera mwana wa wina, kusunga wamasiye. Si umphawi wa chinenero chathu ayi. Kwathu kuno mwana akaferedwa amapita kwa agogo, kwa azakhali, kwa amalume, kwa mayi wamng'ono. Amadya kumeneko, amaphunzira kumeneko, koma sasiya kukhala mwana wa amene anamubereka. Mfunda wake ndi womwewo, manda a makolo ake akuwadziwa. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma sitinena kuti wasiya kukhala wa mnzakoyo. Pomwe lamulo la kukhoti limadula chingwe. Woweruza akasaina, ufulu wonse wa ukholo umachoka kwa obereka n'kupita kwa otenga, mpaka kalekale.

Kusiyana kumeneku tinakuona ndi maso athu. Mu October 2006, woimba wa ku America, Madonna, analoledwa ndi khoti lalikulu ku Lilongwe kutenga mwana wamwamuna wa chaka chimodzi yemwe ankasungidwa ku Home of Hope ku Mchinji. Mayi a mwanayo anali atamwalira, koma bambo ake anali moyo. Nyuzi zakunja zinalemba kuti bambowo ananena kuti sanamvetse kuti mwana akupita kotheratu, ankayesa kuti akaleredwa, akaphunzira, n'kudzabwerera. Patapita masiku zinalembanso kuti akugwirizana nazo ndipo sakufuna kuti mwanayo abwezedwe. Ena anati akusinthasintha mawu. Koma taganizani inu: munthu wosauka, woferedwa mkazi, atolankhani amuzinga, mapepala ali m'Chingerezi, ndipo chinthu chomwe akufunsidwa chilibe dzina m'chinenero chake. Onjezani ichi: ife tikati mwana wamasiye, tikhoza kutanthauza amene wataya kholo limodzi, pomwe mzungu wamba akamva liwu loti orphan amaganiza za mwana wopanda aliyense padziko. Mawu awiriwa akakumana pa tebulo limodzi, aliyense amachoka akuganiza kuti wamva mnzake.

Mu 2009 Madonna anabweranso kudzatenga mwana wamkazi. Justice Esme Chombo anakana mu April, potengera mfundo ya m'lamulo yoti wotenga mwana akhale munthu wokhala m'dziko muno. Mu June khoti lalikulu la apilo linatembenuza chigamulocho n'kumulola. Mu 2017 anatenganso ana amapasa, ndipo chaka chomwecho, ndi thandizo la bungwe lake, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre panatsegulidwa malo ochitirako maopaleshoni a ana. Mukuona mmene nkhani yeniyeni ilili yopindikapindika? Oweruza ophunzira anasiyana maganizo. Mabungwe oona za ufulu wa anthu anadandaula kuti lamulo lapindidwa chifukwa cha kutchuka ndi ndalama. Anthu ena anati bola mwana ali moyo ndipo akuphunzira. Onsewa anali ndi mfundo.

Apa ndi pomwe wolemba waulesi amagwera m'dzenje. Pali maenje awiri. Loyamba ndi la olemba akunja: mzungu ndi mngelo, mudzi ndi ntchentche zokhazokha, mwana wapulumutsidwa, nkhani yatha ndi kumwetulira pabwalo la ndege. Lachiwiri ndi lathu: mzungu ndi mfiti yakuba ana, mudzi ndi paradaiso, mwana akulira usiku uliwonse kufuna nsima ya mgaiwa. Onse awiriwa ndi mulu wa tomato umene wogulitsa waika okongola pamwamba, oola pansi. Wogula amatha kunyengeka tsiku limodzi, koma amene anakulira m'nkhaniyo amangoyang'ana n'kudziwa kuti wapusitsidwa. Mwana weniweni akhoza kukonda mayi womulera ndi mtima wonse, n'kulirabe mayi womubereka. Akhoza kuthokoza ndi kukwiya tsiku limodzi lomwelo. Ndipo kukhala Mmalawi sikukupatsani chiphaso chodziwa zonse. Mudzi mukuudziwa, inde, koma kodi mukudziwa mmene zimakhalira kukhala mwana wakuda yekhayo m'kalasi, tsitsi lako palibe wodziwa kulipesa m'nyumba monse?

Chachiwiri ndi ulendo ndi mapepala. Munthu wamkulu akamapita ku Joni amakhala wasankha yekha, ngakhale kuti umphawi ndiwo wamukankha. Amadziwa kuti adutsa ku Mwanza kapena ku Dedza, awoloka pa Beitbridge, ndipo ali ndi nambala ya mbale wake m'thumba. Mwana wotengedwa sasankha. Ndi mlendo yekhayo amene amasamutsidwa popanda m'bale aliyense, popanda mnzake wolankhula naye, kawirikawiri n'kusinthidwa ndi dzina lomwe. Ndiye funsani mafunso ouma, osakoma. Wayenda pa pasipoti ya dziko liti? Pa chikalata cha kubadwa palembedwa mayina a ndani? Akadzakula n'kufuna kufufuza kwawo, adzapeza chiyani m'faelo? Musaganize kuti izi n'zazing'ono. Dziko la South Korea linatumiza kunja ana pafupifupi 200,000 kuchokera pomwe nkhondo yawo inatha mu 1953, ndipo mu March 2025 komiti ya boma yofufuza choonadi inapeza kuti panali chinyengo, ana ena analembedwa kuti alibe makolo pomwe makolo analipo. Dziko la Ethiopia linaletsa kutengera ana kunja mu 2018. Kachidindo kamodzi, kapena kusowa kwake, ndiko kanachotsa Adam Crapser pakati pa ana ake. Mukadumpha mapepala chifukwa ndi otopetsa, mwadumpha pomwe pagona tsogolo la mpangankhani wanu.

Chachitatu, chomwe ndikuona kuti timachichimwira kwambiri, ndi chinenero. Tinazolowera kuseka Chingerezi chothyoka. M'masewero a pawailesi, m'nthabwala za pafoni, munthu wakumudzi akangotsegula pakamwa n'kulankhula Chingerezi, ndiye nthawi yoseka yakwana. Tinakula m'sukulu zomwe wolankhula Chichewa ankalangidwa, ndipo tonse tikudziwa kuti ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE suiona, ngakhale masamu utakhoza bwanji. Manyazi amenewa tinawameza, ndipo tikamalemba amatuluka ngati chipongwe. Mukalemba mtsikana wanu akungolakwitsa mawu mwachisawawa kuti owerenga aseke kapena amumvere chisoni, mwamuchepetsa nzeru. M'mutu mwake akuganiza bwinobwino, m'ziganizo zathunthu. Chomwe chamuthina ndi khomo lotulukira.

Ndipo kulakwitsa kwa munthu wophunzira chinenero kuli ndi dongosolo lake. Mwana wolankhula Chichewa adzasokoneza he ndi she, osati chifukwa sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, koma chifukwa kwathu onse ndi iye. Adzasinthanitsa L ndi R, adzawonjezera kamvekedwe kumapeto kwa mawu monga momwe tinapangira buledi ndi sukulu. Akafunsidwa kuti sunadye, adzayankha yes, kutanthauza kuti inde sindinadye, mayi womulera n'kuchotsa mbale poganiza kuti wadya. Taonani, nkhani yonse ili pamenepo: mwana wagona ndi njala m'nyumba yodzaza chakudya, popanda wankhanza aliyense. Adzasakasaka liwu laulemu loitanira munthu wamkulu, n'kupeza kuti you ndi wa mwana, wa gogo, wa galu yemwe. Adzaweramitsa nkhope polankhula ndi mphunzitsi, monga anaphunzitsidwira, mphunzitsiyo n'kuganiza kuti akubisa kanthu. Mwana wa mayi ake aang'ono, amene kwa iye ndi mchemwali wake basi, adzauzidwa kuti ndi cousin. Izi simungazipeze pongoganiza muli gone pamphasa. Muyenera kumvetsera.

Pali chinanso chowawa. Ife timaphunzira Chingerezi kuwonjezera pa chinenero chathu. Mwana wotengedwa amachiphunzira m'malo mwa chinenero chake, chifukwa palibe womuyankha m'Chichewa. Mu 2003, akatswiri a ku France motsogozedwa ndi Christophe Pallier anayeza anthu 8 obadwira ku Korea omwe anatengedwa ndi mabanja a ku France ali ndi zaka zapakati pa 3 ndi 8. Atakula, sankatha kuzindikira ziganizo za Chikoreya pakati pa zinenero zina zachilendo. Taganizani, mwana wa zaka 8 amene ankatumidwa, ankaimba, ankakangana ndi anzake! Komabe kafukufuku wina wa mu 2017 ku Netherlands anapeza kuti anthu otengedwa ku Korea ali makanda ankaphunzira msanga katchulidwe ka mawu a Chikoreya kuposa anzawo obadwira ku Netherlands. Ndiye kuti pansi penipeni pamatsala kenakake. Choncho mukalemba kuti mtsikana wanu wabwerera kumudzi ali ndi zaka 25 n'kuyamba kucheza ndi agogo ake m'Chichewa chosalala, mwanama, ndipo mwabisa chilonda chachikulu m'nkhani yonseyo. Zoona zake n'zakuti adzakhala pakhonde ndi bambo ake omubereka, pakati pawo pali womasulira.

Nanga ngongoleyi timaibweza bwanji? Ine ndikuona njira zinayi.

Yambani ndi kuwerenga eni ake. Alipo omwe analemba okha. Legson Kayira wa ku Chitipa ananyamuka wapansi mu 1958 kufuna maphunziro, anafika mpaka ku Khartoum, ndipo mu 1960 anakafika ku Skagit Valley College ku America. Ulendo wake anaulemba m'buku lotchedwa I Will Try la mu 1965. Lemn Sissay, mlakatuli wa ku Britain wobadwa kwa mayi wa ku Ethiopia mu 1967, analeredwa ndi banja la azungu komanso m'nyumba zosungira ana, akuitanidwa Norman, ndipo dzina lake lenileni analidziwa ali mnyamata wamkulu. Buku lake la mu 2019, My Name Is Why, linachokera m'mafaelo omwe boma linkasunga onena za iye. Munthu amene walemba yekha wasankha zoti aulule. Kumeneko mukhoza kuphunzira osavula munthu.

Kachiwiri, mukafuna kufunsa munthu wamoyo, nenani zoona poyambirira. Muuzeni kuti mukulemba buku, kuti likhoza kugulitsidwa, ndipo kuti ali ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma wofunsa mwachinyengo, amene amabwera ngati mnzako wodzacheza pomwe m'thumba foni ikujambula mawu, ameneyo ndi wakuba. Ndipo musaiwale kuti inu mukamaliza kufunsa mumapita kukalemba mosangalala kuti mwapeza mfundo, iye amatsala ndi chilonda chomwe mwachitokosa. Ngati mwamudyera nthawi yake ya geni, mulipireni. Ngati wanena kuti ichi musalembe, musalembe, ngakhale chikhale chokoma bwanji.

Kachitatu, pekani zenizeni. Kusintha dzina lokha si kupeka. Mukalemba za woimba wotchuka amene watenga mwana ku boma lina la m'malire, aliyense adziwa amene mukunena, ndipo ana aja ndi anthu amoyo, ali ndi mafoni, amawerenga. Sanapemphe kukhala nkhani. Phunzirani kwa anthu ambiri mmene zinthu zimayendera, kenako umbani munthu watsopano amene palibe angamuloze chala pamsewu.

Kachinayi, musanatulutse, perekani zolembazo kwa munthu amene anadutsamo kuti awerenge. Sikuti akulembereni buku ayi, ndipo si chilichonse chomwe anganene chomwe muyenera kutsatira, chifukwa munthu mmodzi sayimira onse. Koma akakuuzani kuti apa mwanama, khalani pansi mumvetsere. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti, "Aa, mayi, zonsezi kuti munthu alembe kankhani ka masamba asanu? Ena a ife bandulo yeniyeniyo timachita kupempha." Ndikumva. Koma zambiri mwa izi sizifuna ndalama. M'dera lanu lomwelo muli munthu amene anabwezedwa ku Joni atasungidwa ku Lindela. Muli gogo amene akulera zidzukulu zamasiye. Muli mayi amene amatuluka thukuta akapatsidwa fomu ya Chingerezi kubanki. Inu nomwe mukukumbukira tsiku lomwe munadziwa yankho m'kalasi koma Chingerezi chinakana kutuluka, anzanu n'kuseka. Chimenecho ndi chuma chanu chenicheni, mpamba wanu, ndipo n'chomwe chingakuthandizeni kulowa mumtima mwa mtsikana uja. Chotsalacho, chomwe mulibe, n'chomwe muyenera kukapempha mwaulemu.

Wina anenanso kuti mantha otere amapha luso, kuti wolemba akayamba kuopa kukhumudwitsa anthu amalemba phala lopanda mchere. Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Kukhumudwitsa munthu chifukwa mwanena zoona zomwe sakufuna kumva, imeneyo ndi ntchito ya wolemba, musaope. Lembani za wachibale amene analandira envulopu, za mkulu wa ofesi amene anatseka maso, za kholo lolera limene limafuna kuthokozedwa tsiku ndi tsiku. Koma kukhumudwitsa munthu chifukwa mwanama za moyo wake, kapena mwaulula zomwe anakuuzani mokukhulupirirani, kumeneko si kulimba mtima, ndi kuba pasikelo. Ndipo nkhani yofufuzidwa bwino ndiyo imakoma koposa. Kambale kochotsedwa chifukwa cha yes uja kamagwira mtima kuposa masamba khumi a misozi yopeka.

Ndiye inu amene muli ndi nkhani yotere m'kabuku kanu kapena m'foni, musaitaye. Ilembeni. Tikufunika nkhani zimenezi m'Chichewa, chifukwa mpaka pano zambiri za ana athu opita kunja zalembedwa ndi anthu akunja, m'chinenero chomwe agogo a anawo sangawerenge. Koma musanaitumize m'gulu muno, dziyeseni ndi funso limodzi. Tiyerekeze kuti mtsikana weniweni amene anadutsa m'zimenezi wakhala pafupi nanu, wina akumumasulira mzere ndi mzere. Kodi mungathe kukhala pomwepo mpaka kumapeto, osayang'ana kumbali? Ngati pali ndime yomwe mungafune kuti womasulirayo aidumphe, bwererani mukaikonze.

Ndikufuna kumva maganizo anu, makamaka inu amene munakhalapo kunja, kapena amene munaleredwa ndi anthu omwe sanakuberekeni. Kodi n'chiyani chomwe olemba timalakwitsa kawirikawiri tikamalemba za inu?